Mkungudza wa ku Mulanje ulibe mlowam'malo

Pali nkhani imene ikuyenda m'maminibasi ndi pa WhatsApp, ndipo ena oifalitsa ndi anthu ophunzira ndithu. Akuti palibe cholirira mkungudza, chifukwa mtengowu uli mbwee ku South Africa, ndiponso pa phiri la Mulanje pomwepo ukuphukanso m'zitsa. Ife tikuti limeneli ndi bodza, ndipo amene likuwakomera ndi ocheka matabwa mozemba.

Mitengo ya m'banja la Widdringtonia ilipo mitundu inayi. Iwiri imapezeka ku South Africa kokha. Wachitatu, nodiflora, unafalikira kuchokera ku Cape mpaka kuno kwathu. Wachinayi, whytei, ndiye mkungudza umene unasankhidwa mu 1984 kukhala mtengo wa dziko lino, ndipo mwachilengedwe sumera kwina kulikonse koma pa Mulanje, kuyambira mamita pafupifupi 1,800 kupita m'mwamba.

Chisokonezochi chili ndi gwero lake, sitikana. Akatswiri a zomera nawonso kwa zaka zambiri ankati whytei ndi nodiflora ndi mtundu umodzi, mpaka mu 1997 pamene akatswiri anzawo Pauw ndi Linder anaonetsa kuti ndi yosiyana. Nodiflora ndi wamfupi, nthawi zambiri wa mathunthu angapo, ndipo ukapsa umaphukanso patsinde. Whytei umakula ndi thunthu limodzi lotha kufika mamita 40, koma ukadulidwa kapena kupsa, kwake kwatha. Umadalira njere basi. Choncho amene waona mphukira pachitsa waona za mnzakeyo. Kalembera wa mu 2017 anapeza mikungudza ikuluikulu 7 yokha pa phiri lonse.

Nanga mikungudza imene inabzalidwa ku Zomba ndi ku Chikangawa? Ilipo, ndipo tithokoze amene anaibzala. Komanso kuyambira mu 2016, bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, pamodzi ndi mabungwe a FRIM ndi BGCI ndiponso anthu a m'midzi yozungulira phiri, labzala mbande mazana a zikwi. Koma munda wa mitengo umasunga chibadwa cha makolo okhawo amene anatoledwa njere. Mlimi amadziwa kuti mbewu ya munda wonse siichokera pachisononkho chimodzi, chifukwa matenda akabwera amasesa zonse nthawi imodzi. Mitengo ya ku Chambe, ku Lichenya ndi ku Sombani pa phiri la Mulanje inapyola m'chisanu, chilala ndi moto kwa mibadwo yosawerengeka, uliwonse ndi mphamvu zakezake. Zimene zinapita ndi macheka kumeneko palibe nazale ingazibweze, pomwe nsabwe za m'mitengo zimene zinafika m'zaka za m'ma 1980 zikadalipo.

N'chifukwa chake zotsalazi n'zofunika kuziteteza zonse. Nthambi ya za nkhalango iike alonda pa mikungudza yobereka njere ya ku Zomba ndi ku Chikangawa. Mafumu a ku Mulanje ndi Phalombe alange otentha tchire kumene kuli mbande. Ndipo inu ogula matabwa m'tauni, munthu akakubweretserani thabwa lonunkhira mkungudza, mufunseni kumene walitenga.