Mthunzi wa pankhope umachoka ndi madzi, chipsera sichichoka

Ngati mwakhalako pa ukwati pachilumba cha Chisi zaka zino, mwaziona zomwe ndikufuna tikambirane lero. Wophoda mkwatibwi amachokera ku Zomba. Amakwera boti pa Kachulu dzulo lake, chikwama cha zodzoladzola atachifungata ngati khanda, ndipo tambala akangolira ntchito yayamba. Amajambula mizere yakuda m'mbali mwa mphuno, pansi pa masaya ndi m'mphepete mwa nsagwada, kenako n'kupaka zowala pamphumi, pamsana pa mphuno ndi m'munsi mwa maso. Ana osuzumira pawindo amafa nacho chikhakhali, ati achemwali asanduka mbidzi. Koma akangofafaniza mizere ija ndi siponji, onse amangoti kukamwa yasa. Mphuno yawongoka, masaya akwera, nkhope yonse yaoneka ngati yosema.

Lusoli pa Chingerezi amati contouring. Ena amaliona ngati chibwana cha atsikana a pa TikTok, ena amati n'kunyoza chilengedwe. Ine sindili mbali imeneyo. Maganizo anga ndi akuti kuphoda nkhope motere kulibe vuto, chifukwa madzulo mukasamba zonse zimachoka. Nkhawa yanga ili pa zinthu zina zomwe zimalowa m'chikwama chomwecho, zomwe sizichoka ndi madzi.

Chinsinsi chake ndi kuwala

Tayimani pa Kachulu m'mamawa muyang'ane mapiri a Chisi. Dzuwa likamawomba chammbali, zigwa ndi mitunda zimaonekera bwino chifukwa mbali imodzi yawala, ina ili mumthunzi. Mukayang'ananso masana dzuwa lili paliwombo, phiri lomwelo limaoneka losalala. Phirilo silinasinthe ayi, chasintha ndi mthunzi.

Ubongo wanu umagwiritsa ntchito mthunzi podziwa chomwe chatumphuka ndi chomwe chalowa mkati. Unazolowera kuti kuwala kumachokera kumwamba, choncho ukaona malo owala umati pakwera, ukaona malo akuda pansi pake umati palowa. Wophoda uja akungonamiza ubongo basi. Akapaka mtundu wakuda pang'ono pansi pa fupa la tsaya, diso limaona ngati pali kadzenje, ndiye fupalo limaoneka lokwera. Akadetsa mbali ziwiri za mphuno n'kuwalitsa pakati, diso limangotsata kanjira kowalako n'kuona mphuno yopyapyala. Palibe fupa lomwe lasuntha, palibe mnofu womwe wachoka.

Njirayi sinayambire pa foni. Anayamba nayo ndi ochita zisudzo, kuti omwe akhala kumbuyo kwa holo athe kuona nkhope zawo. Makanema atayamba, magetsi amphamvu a m'malo ojambulira ankafafaniza mithunzi yonse ya pankhope, ndiye panafunika kuijambula ndi manja. Ku Hollywood, Max Factor anapanga zopaka zoyenera makanema mu 1914. Patapita zaka pafupifupi 100, cha m'ma 2012, Kim Kardashian anaonetsa pa intaneti chithunzi cha nkhope yake ili mizeremizere asanaifafanize, ndipo atsikana padziko lonse anayamba kutengera.

Mbiri imeneyi ikukuuzani chinthu chofunika: lusoli analipangira kamera ndi magetsi. N'chifukwa chake mkwatibwi amatuluka bwino pachithunzi, koma padzuwa la mwezi wa October ku Chilwa, thukuta lili kamukamu nthawi ya perekaniperekani, mizere ija imayamba kuonekera poyera. Mthunzi wojambula sutsata dzuwa. Choncho ngati mwambo uli panja masana, pakani pang'ono. Sankhani mtundu woposa khungu lanu kuda pang'ono chabe, ndipo muuyesere pansagwada muli panja, osati m'sitolo. Mitundu yoyenera khungu lakuda kale inali yosowa, koma zinthu zinasintha kwambiri kuchokera mu 2017, pamene woyimba Rihanna anatulutsa faundeshoni ya mitundu 40 ndipo makampani ena anatsatira. Palibenso chifukwa choti nkhope ikhale yotuwa pomwe khosi ndi manja zili zakuda.

Siponji imodzi, nkhope khumi

Tsopano tibwerere m'chipinda cha mkwatibwi muja. Akatha iye, pampando pamakhala operekeza, kenako mayi ake, kenako azakhali. Siponji ndi yomweyo, bulashi ndi yomweyo, pensulo ya m'maso ndi yomweyo. Apa ndiye poyamba kusamala.

Siponji yonyowa yomwe yasungidwa m'chikwama motentha ndi nyumba yabwino ya tizilombo. Imatha kuchotsa chipere pankhope ya wina n'kukachisiya pa wina. Pensulo ndi kabulashi ka nsidze za m'zikope zimafalitsa matenda a maso ofiira otulutsa manthongo. Lipisitiki yobwerekana imapatsirana kachilombo koyambitsa timatuza ta pamilomo. Ndipo zopaka zamafuta ambiri zikagona pankhope zimatseka timabowo ta khungu n'kuyambitsa ziphuphu. Kwa ife a khungu lakuda chiphuphu sichingopola n'kuiwalika. Nthawi zambiri chimasiya dontho lakuda lomwe limatha miyezi lisanazimiririke.

Kupewa kwake n'kosavuta. Gulani siponji yanu ndi pensulo yanu, mupite nazo. Wophoda asambe m'manja ndi sopo asanakugwireni, ndipo asanyowetse chilichonse ndi malovu. Mabulashi achapidwe ndi sopo n'kuyanikidwa mpaka aume. Ngati muli ndi bala kapena diso likuyabwa, pamenepo asapakepo kanthu. Chinthu chatsopano yambani mwachiyesa kuseri kwa khutu, mudikire masiku awiri muone ngati sipatupa. Yang'ananinso pabotolo kachithunzi ka kabotolo kotsekula kolembedwa 6M kapena 12M: ndiyo miyezi yomwe mungachigwiritse ntchito mukachitsekula. Usiku musagone nazo, ngakhale mutatopa ndi magule. Sambani ndi sopo wofewa ndi madzi otetezeka, osati a m'nyanja.

Samalaninso ndi wanja. Mitundu ina ya wanja wopera imakhala ndi mtovu, ndipo mtovu umaononga ubongo wa mwana. Wanja wopanda chikalata chonena zomwe zili mkati musapake, makamaka m'maso mwa khanda.

Pomwe pali ngozi yeniyeni

Matenda ndatchulawa amachizika. Chomwe chandichititsa kulemba ndi malangizo omwe atsikana amapatsana ukwati ukamayandikira: akuti kuti phauda akhale bwino, uyambe kaye wadzola mafuta oti nkhope "iwale" kwa mwezi umodzi kapena iwiri. Apa tachoka pa kujambula mthunzi, tafika pa kusintha khungu lenilenilo.

Chomwe chimapatsa khungu lanu mtundu ndi melanin. Ntchito yake si kukongoletsa kokha, koma kutchinga cheza cha dzuwa kuti chisaononge khungu. Mafuta oyeretsa khungu amafooketsa chitetezo chimenechi, ndipo ambiri amakhala ndi chimodzi mwa zinthu zitatu izi.

Choyamba ndi hydroquinone. Madokotala amamupereka kwa nthawi yochepa pochiza madontho ena a pakhungu. Koma mukamudzola nthawi yaitali, makamaka mukukhala padzuwa, amabweza moto: masaya, mphumi ndi m'mbali mwa maso mumada bii ngati mwaye, khungu n'kukhala lokhakhala. Vutoli limatchedwa ochronosis, ndipo madokotala a ku South Africa analifotokoza mu 1975 ataliona mwa amayi akuda omwe ankadzola mafutawa. Dzikolo linaletsa hydroquinone mu zodzoladzola mu 1990. Kuda kumeneku n'kovuta kwambiri kuchiza, ndipo kumagwa pamalo omwewo omwe munkafuna kuti pawale.

Chachiwiri ndi mankhwala a gulu la steroid, monga clobetasol ndi betamethasone. Awa ndi mankhwala a kuchipatala, ochizira matenda ena a khungu kwa masiku owerengeka. Akasanduka mafuta odzola tsiku ndi tsiku, khungu limapyapyala mpaka timitsempha kuonekera, pamabwera mizere ngati ya pamimba ya mayi wobereka, ziphuphu zimachuluka, chipere chimafala, ndipo bala limachedwa kupola. Akadzoledwa thupi lonse kwa nthawi yaitali amalowa m'magazi, n'kutha kukweza shuga ndi BP.

Chachitatu ndi mercury, yemwe pabotolo amalembedwanso kuti calomel kapena mercurous chloride, ngati alembedwa n'komwe. Ameneyu amaononga impso ndi mitsempha ya ubongo, amafika kwa mwana ali m'mimba ndiponso kudzera m'mkaka wa m'mawere. Amatsalira pa thawulo ndi pa zofunda, kotero mwana ndi bambo omwe sanadzoleko amamulandiranso. Anthu okhala kunyanja ayenera kuidziwa nkhani ya Minamata, tauni ya asodzi ku Japan, komwe mu 1956 kunadziwika matenda oopsa a ubongo omwe anadza chifukwa chodya nsomba za m'madzi momwe fakitale inkatayiramo mercury. Pangano la maiko la mu 2013 lothana ndi mercury linatenga dzina la tauni imeneyi, ndipo zodzoladzola zili m'gulu la zinthu zomwe limaletsa kuikamo mercury.

Tsopano ganizirani moyo wa mayi wa pa Chisi. Amayanika matemba padzuwa, amawamba makumba ndi milamba pamoto, amalima, amawoloka nyanja pabwato lopanda denga, kuwala kukumumenya kuchokera kumwamba ndiponso kuchokera pamadzi. Munthu wotereyu akafooketsa melanin wake ali pangozi yaikulu kuposa wogwira ntchito mu ofesi ku Blantyre. Ndipo vuto likayamba, kuti akaonane ndi odziwa za khungu ku Zomba Central Hospital ayenera kulipira boti, kulipira galimoto, n'kusiya ntchito tsiku lonse kapena kuposa. Mafuta otchipa aja amadzadula pambuyo. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Ngati munayamba kale kudzola, musachite manyazi ndipo musaonjezere mafuta ena pofuna kubisa madontho. Tengani botololo mupite nalo kuchipatala. Khungu lozolowera steroid limatha kutupa, kuyabwa ndi kuda mukangosiya mwadzidzidzi, ndiye m'pofunika wachipatala akuthandizeni kasiyidwe kake. Pogula, werengani zolembedwa. Mukaona maina ndatchulawa, kapena mafuta osakaniza kale m'kabotolo kopanda dzina, asiyeni. A Pharmacy and Medicines Regulatory Authority ndi a Malawi Bureau of Standards nawo kuyendera kwawo kuzifika m'misika ya kumadoko, chifukwa katunduyu sathera m'tauni.

Mphuno yanu ilibe mlandu

Mwina mukuti: "Bwanji osangoletsa zophodazo, poti zonsezi gwero lake ndi limodzi, kusakhutira ndi nkhope yako?" Funsoli lili ndi nzeru. Phunziro loyamba lomwe amaphunzitsa m'makanema a pa foni ndi kuchepetsa mphuno ndi kuwalitsa pakati pa nkhope, ngati kuti mphuno yotambalala ndi khungu lakuda ndi zolakwika zofunika kukonza. Mtsikana akamva zimenezi tsiku ndi tsiku, kuchoka pa phauda kufika pa mafuta oyeretsa si patali. Koma mphuno yotambalala si chilema. Akatswiri anapeza kuti imapezeka kwambiri mwa anthu omwe makolo awo ankakhala kumadera otentha ndi achinyontho, monga kwathu kuno.

Ngakhale zili choncho, kuletsa si yankho. Kudzikongoletsa sitinakuphunzire kwa azungu. Agogo athu ankadzola mafuta a nsatsi ndi kutema mphini pamasaya ndi pamphumi. David Livingstone, yemwe anafika ku nyanja ya Chilwa mu 1859, analemba za amayi a Chimang'anja ovala pelele pamlomo wapamwamba. Nthawi imeneyo ndiko kunali kutchena. Lero palibe mtsikana angavale pelele. Kutchena kumasintha, koma omwe anabooledwa mlomo anakhala nalo bowolo mpaka kumanda. Masaya osema a lerowa nawonso adzatha nthawi yake, ndipo ana athu adzaseka zithunzi zathu za ukwati monga ife timasekera za makolo athu.

Ndiye muyeso wanga ndi umodzi. Chilichonse chomwe mukufuna kuika pankhope, dzifunseni kuti: kodi mawa ndikachifuna kuti chichoke, chichoka ndi sopo ndi madzi? Ngati yankho ndi inde, ndipo zipangizo ndi zaukhondo, phodani, mukavine, mukajambulitse. Ngati chikulonjeza kusintha mtundu wa khungu lanu m'masabata awiri, chibwezeni pa benchi la wogulitsa.

Ndipo inu amayi, azakhali ndi anankungwi omwe mumakhala m'chipinda muja mkwatibwi akuphodedwa, muli ndi gawo. Muuzeni mwanayo kuti wakongola asanakhale pampando wa wophoda, osati akangodzukapo pokha. Wophoda akwera boti kubwerera ku Zomba Lamulungu masana. Nkhope yomwe itsale pachilumba, yomwe ikayanike matemba Lolemba, ndi ija anabadwa nayo.