TV ya Azakhali Siidafe

Mwezi wathawu ndidayenda m'sitolo zinayi za zipangizo zamagetsi pakati pa mzinda wa Bulawayo kufunafuna kabokosi kakang'ono, kukula kwake ngati sopo wosambira. M'sitolo zitatu adandiyankha ngati adachita kupangana: “TV imeneyo ndi yakale, itayeni mugule yatsopano.” Palibe ndi mmodzi yemwe amene adaiona TV-yo, ndipo palibe adafunsa ngati ikuyaka. Adangomva kuti ili ndi chimsana, basi mlandu watha. Yankho limeneli landikwana. Ndi bodza, ndipo talimva kambirimbiri mpaka tayamba kuuzana tokhatokha.

TV-yo ndi ya azakhali anga ku Mpopoma. Adaigula ndi malemu amuna awo m'zaka za m'ma 1990 akugwira ntchito kunjanji, ndipo mpaka lero chithunzi chake n'chowala, mawu amamveka mpaka kukhitchini. Mwana wawo wa ku Johannesburg adawatumizira kachipangizo kolumikizira TV ku intaneti kuti azionera makwaya a kumudzi pa YouTube, poti iwo ngakhale adabadwira kuno, mtima wawo uli ku Dedza kumene adachokera agogo. Kachipangizoko kali ndi mlomo umodzi wokha, wa HDMI. TV ili ndi mabowo atatu aja tonse timawadziwa: lachikasu la chithunzi, loyera ndi lofiira a mawu. Nkhani yonse yagona pomwepa. Zipangizo ziwiri, zonse zamoyo, sizikumvana.

Ndifotokoze pang'ono, popeza ogulitsa safotokoza. Chingwe chachikasu chimanyamula chithunzi ngati mphamvu ya magetsi yokwera ndi kutsika, mzere ndi mzere, mizere 625, zithunzi 25 pa sekondi, m'njira yotchedwa PAL imene maiko a chigawo chathu chino adatsata. HDMI imanyamula manambala okhaokha. Choncho pakati pake pafunika kabokosi kolandira manambalawo n'kuwasandutsa mphamvu imene TV yakale imamva. Kabokosiko kamafuna magetsi akeake kudzera pa USB, ndipo tchaja ya foni imakwanira. Mtengo wake ndi madola ochepa, sufika ngakhale pa limodzi la magawo khumi a mtengo wa TV yatsopano. Mwina n'chifukwa chake m'sitolo sakonda kukatchula.

Pali misampha itatu, ndipo ine ndidagwa mu umodzi. Woyamba ndi chingwe chimene mumachiona chili lendelende m'misika, uku mutu wa HDMI, uko mitu itatu yamitundu, pakati popanda kabokosi. Musagule. Waya paokha sungasandutse manambala kukhala chithunzi, ndipo woigulitsa kaya sadziwa kaya akudziwa, zonse n'zoipa. Wachiwiri ndi wakuti kabokosi kamagwira ntchito mbali imodzi yokha. Kolembedwa HDMI2AV kamachotsa ku chatsopano kupita ku chakale. Kolembedwa AV2HDMI kamachita zosemphana, koma kunja timafanana ngati mapasa. Ine womasulira mabuku ndimayenera kuzidziwa izi, poti ngakhale pantchito yathu wodziwa kuchotsa m'Chingerezi kupita m'Chichewa sikuti amatha kubwerera nazo. Komabe m'sitolo yachinayi adandipatsa kolakwika, ndidafunsa kawiri, adanditsimikizira, ndipo nditabwerera nako adandionetsa chikwangwani choti katundu wogulidwa sabwezedwa. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Nanga wofunsa n'kunamizidwa titi adadya chiyani? Msampha wachitatu ndi kaswitchi ka pambali kolembedwa PAL ndi NTSC. Kakakhala pa NTSC, TV zambiri zakale zimaonetsa chithunzi chopanda mitundu kapena chothamangathamanga, ndipo munthu amaganiza kuti TV yafadi. Ngati TV yanu ndi yakale kwambiri, ya bowo la eriyo lokha, makina a vidiyo aja a matepi amakhala mlatho: mumalowetsa zingwe zitatuzo m'makinawo, iwo n'kutumiza chithunzi ku TV kudzera pa chingwe cha eriyo.

Tsopano funso ndi lakuti, adatseka khomo ndani? Anthu amalankhula ngati mabowo atatuwa adangofota okha monga masamba m'chilimwe. Ayi ndithu. Makampani opanga mafilimu ndi zipangizo adakhala pansi n'kugwirizana, m'malamulo a AACS otetezera madisiki a Blu-ray, kuti makina atsopano oonetsera madisikiwa opangidwa chaka cha 2013 chitatha asakhalenso ndi potulutsira chithunzi cha analogi. Chifukwa chake sichidali chakuti chingwe chachikasu chidasiya kugwira ntchito. Chidali chakuti chingwe chachikasu sichifunsa munthu chiphaso: chimene chikudutsamo ungathe kuchijambula pa tepi. HDMI imayenda ndi mlonda wotchedwa HDCP, wopangidwa ndi Intel, amene amayamba wafunsa chipangizo cha kutsogolo ngati chili chovomerezeka, ndipo akakayika amazimitsa chithunzi. Iwo ankaopa akuba mafilimu a ku Hollywood. Koma amene akulipira mantha awowo ndi mayi wamasiye wa ku Mpopoma wongofuna kumva kwaya ya amayi a chigwirizano. Kenaka opanga zipangizo ena adaona kuti kuchotsa mabowo kumachepetsa mtengo wopangira, n'kutsatira. Limeneli ndi ganizo la anthu, lokomera anthuwo, ndipo tili ndi ufulu wolitsutsa.

Aboma nawo ali ndi gawo lawo. Mu 2006 ku Geneva, maiko a mu Africa ndi Ulaya adagwirizana pansi pa bungwe la ITU kuti pofika pa 17 June 2015 akhale atasamukira ku kanema wa dijito. Pangano lonselo lidatsamira pa dikoda, kabokosi kolandira siginolo ya dijito n'kuipereka ku TV iliyonse, yakale ndi yatsopano yomwe. Ku Malawi kudabwera dikoda ya Kiliye Kiliye pa ntchito yomweyi. Ndiye kuti ngakhale akatswiri okonza ndondomekoyo ankadziwa kuti TV zakale zidzakhalapobe. Koma uthenga umene udafika ku Makokoba, ku Njube ndi ku Luveve udali wina: akuti TV zamsana zisiya kugwira ntchito. Ndani adapindula ndi mphekesera imeneyi, si ogulitsa omwewa? Tsiku lija lidafika n'kudutsa, ZBC ikuulutsabe pa analogi, ndipo ntchito yomanga nsanja 48 za dijito m'dziko muno idatsalira kutali. Amene adathamangira kutaya TV zawo adataya chinthu chamoyo chifukwa cha tsiku limene eni akewo adalephera kulisunga.

Anthu a mu Bulawayo sitiphunzitsidwa za madikoda. Tidaonera SABC zaka zambiri pa Wiztech ndi Philibao mpaka a ku South Africa adatseka siginolo mu 2013. TV ya azakhali idayamba ndi eriyo ya padenga, kenaka vidiyo ya matepi, kenaka Wiztech, kenaka DVD, zonsezo kupatula eriyo kudzera m'bowo lachikasu lomwelo. Zipangizo zimene tinkazitcha zamakono zija zidafa chimodzichimodzi, iyo ikadali pa kabati ndi kansalu kake koluka pamwamba. Chakale n'chiti pamenepa?

Ndisabise mbali inayo. TV yamsana imadya magetsi ochuluka kuposa yopyapyala ya kukula komweko, ndipo kwa munthu wogula mayunitsi kapena wodalira sola nthawi ya kuthimathima kwa magetsi, imeneyi si nkhani yochepa. Zilembo zing'onozing'ono za pa YouTube siziwerengeka bwino, ndipo chithunzi chachitali cha 16:9 chimafinyika pa galasi la 4:3 mpaka oimba onse amaoneka ngati adwala. Zonsezi ndi zoona. Mwini wake auzidwe, awerengere yekha, asankhe. Chimene ndikukana ndi kumuchititsa manyazi ndi kumubisira njira yotchipa. Azakhali adandiuza kuti, “Iwe, ine maso angawa sasiyanitsa zimenezo. Ndikufuna ndimve mawu basi.” Ndani angawatsutse?

Komanso mukati titaye, titayire kuti? Galasi la TV yamsana lili ndi mtovu wambiri. Likatayidwa limakathera ku mtaya wa Richmond, umene tonse timautcha Ngozi Mine, pafupi ndi Cowdray Park, kumene anthu amaswa zoterezi kufuna waya wa mkuwa. Mzinda uno udali ndi fakitale ya Supersonic imene mawailesi ake ankagulidwa mpaka kunja kwa dziko, ndipo m'makomboni mukadali madala odziwa kutsegula TV n'kupeza kachitsulo kamodzi kamene kapsa. TV yopyapyala galasi likasweka, kukonza kumaposa kugula ina. Tikamataya zokonzeka n'kumagula zosakonzeka, tikulanda madala amenewa nsima.

Koma chimene chimandiwawa kwambiri si TV. Ndi matepi.

Kanema adayamba ku Salisbury mu 1960 ndipo adafika mu Bulawayo mu 1961, ngakhale kuti poyamba adali wa m'nyumba za azungu. Ku Malawi kanema adadza mu 1999. Pakati ponsepo, ndani ankajambula moyo wa anthu athu amene adabwera kuno nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland ndi m'mbuyo mwake, kudzagwira ntchito kunjanji, m'mafakitale, m'migodi ndi m'makhitchini? Anthu amene zitupa zawo zinkawatcha alendo ngakhale atabadwira ku Mpilo? Palibe nyumba youlutsa mawu idali nafe ntchito. Amene adatijambula ndi bambo uja wa kamera ya paphewa, wolembedwa ganyu pa ukwati, pa chiliza, pa msonkhano wa mpingo wa CCAP, pa chikondwerero cha kumzikiti, pa bwalo pamene gule adatuluka masana anthu onse akuona. Matepi ake a VHS ankakwera basi kupita ku Ntcheu, ku Dedza ndi ku Mangochi, ena n'kubwera kuchokera kumeneko, ndipo ankaoneka mbali zonse chifukwa konse ndi PAL. UNESCO idalemekeza Gule Wamkulu mu 2005, ndipo malamulo a dziko la Zimbabwe a 2013 adaika Chichewa pa mndandanda wa zilankhulo 16 zovomerezeka, dzina lake lili poyambirira penipeni. Zabwino. Koma mukafuna kumva mmene Chichewa chinkamvekera m'kamwa mwa nkhalamba za mu Bulawayo zaka makumi atatu zapitazo, simukachipeza m'malamulomo. Chili m'masutikesi pansi pa mabedi.

Matepi amenewa akufa. Tepi imachita chuku ikakhala pachinyezi, imamatirirana ikatenthedwa, ndipo chithunzi chimanka chizilala chaka ndi chaka ngakhale isakuonetsedwa. Makina oionetsera nawo akutha: JVC idatulutsa VHS mu 1976, ndipo Funai ya ku Japan, kampani yomaliza yodziwika kupanga makinawa, idasiya mu July 2016. Alionse amene alipo lero ndi otsala. Tsono wogulitsa akamati tayani zakale, ndipo TV yatsopano imene akukupatsaniyo ilibe n'komwe bowo lachikasu, dziwani kuti pamodzi ndi chitsulocho mukutaya njira yokhayo yoonera agogo anu akuyenda ndi kulankhula.

Pano ndisaloze ogulitsa okha. Ife ana ophunzira, a madigiri ndi a ku Joni, ndife oyamba. Timatumiza TV yaikulu pa Khirisimasi kuti aneba aone, n'kuuza achinyamata kuti achotse “zinyalala” m'chipinda chochezera. Maliro akachitika timagawana zovala ndi mipando, matepi n'kukaponyedwa kudzala chifukwa palibe ali ndi poonera. Timadandaula pa Facebook kuti chilankhulo chathu chikutha kuno, pomwe kachipangizo ka USB kotengera chithunzi kuchoka ku makina a vidiyo kupita mu kompyuta n'kotchipa kuposa data imene timathera podandaulapo. Ntchito yake ndi yotopetsa, ndikuvomera: tepi ya maola atatu imatenga maola atatu, palibe kudumpha, ndipo magetsi akathima pakati umayambiranso. Ine ndemwe ndidakhala zaka ndikumasulira zolemba za anthu ena, za kwathu zili m'sutikesi.

Kabokosi koyenera ndidakapeza kwa bambo wina wokonza mawailesi ku Makokoba, amene adayamba wandifunsa mtundu wa TV ndi mabowo ake asadanditchulire mtengo. Kolakwika kaja adati ndisataye, kadzathandiza tsiku lina kuonetsa tepi pa TV yatsopano. Loweruka lomwelo makwaya adamveka ku Mpopoma. Ndili kuseri kwa kabati kulumikiza zingwe ndidaona makina a vidiyo atakutidwa ndi chitenje, ndipo bambo aja atawasintha lamba, tidaikamo tepi ya ukwati wa 1996. Patapita mphindi pafupifupi makumi anayi agogo adaimirira, jekete lawo lotuwa lija, n'kuyamba kulangiza akwati. Adatchula mudzi wawo, mfumu yawo ndi mtsinje umene ankawoloka popita kusukulu, Chichewa chawo chikusakanikirana ndi Chindebele mwa apo ndi apo. Dzina la mtsinjewo m'banja mwathu lidali litaiwalika.

“Bwezanso pamenepo,” adatero azakhali.

“Azakhali, tikabwezabweza tepi itha kuduka. Dikirani ndibwere ndi kompyuta.”

“Ndati bweza.”

Ndidabweza. M'sutikesi mwatsala matepi khumi ndi imodzi, atatu ali ndi chuku kale, ndipo bambo a ku Makokoba akuti malamba a mtundu umenewo atsala nawo awiri.