Zinkhwe Zakuchire Zikatipeza Pakhomo, Tizilole Zibwerere Kwawo

M'nyengo ya cilimwe, zithaphwi zikaphwa m'cigwa ca Zambezi, zinkhwe zakuchire zimayandikira midzi ya anthu. Tidaziona tokha pa nyumba ina m'cigawo ca Tete, pomwe mwini wake amaweta nkhunda ndi tizinkhwe tiwiri togula pamsika, tosungidwa m'kakhola ka waya. Dzuwa litangotuluka, kagulu ka tizinkhwe takuchire kadatera mu mtengo wa masau pafupi ndi kholalo. Tinali tobiriwira, nkhope ngati papaya lakupsa, mlomo wofiira, ndi kamzere koyera kozungulira diso. Tam'khola tikalira, takunja tinkayankha. Ana adathamangira ulimbo, pamene bambo wa pakhomopo adayamba kuwerengera ndalama zimene angapeze.

Ife tikuti mlendo wotere apatsidwe madzi, maso amuone mpaka akhute, kenako aloledwe kupita. Makolo athu adati mlendo ndi mame. Mame sasungidwa m'khola.

Cifukwa coyamba n'cakuti mbalamezi si zoculuka monga momwe phokoso lawo limatinamizira. Kacinkhwe kameneka, kamene akatswiri adakacha Agapornis lilianae m'caka ca 1894, kamapezeka m'dera locepa la dziko lapansi: m'cigwa ca Zambezi, m'cigwa ca Luangwa ku Zambia, m'mbali mwa mtsinje wa Shire ku Malawi, ndi malo ena owerengeka. Moyo wake udalira mitengo ikuluikulu ya tsanya, cifukwa kamagona ndi kuswera m'mphako zake. Damu la Cahora Bassa litayamba kudzaza m'caka ca 1974, nkhalango zambiri za m'cigwa zidamira, ndipo tsanya amene adatsala akugwetsedwa lero kuti awochedwe makala. Bungwe la IUCN lidaika kale mbalameyi m'gulu la zamoyo zimene zayandikira ciopsezo cakutha. Wogwira imodzi m'nyengo yoswa amaphanso ana otsala m'mphako, amene sadzawaona n'komwe.

Cifukwa caciwiri cikukhudza khalidwe lathu. Cinkhwe ndi mbalame yokonda anzake: ikamva kulira kwa inzake imatsika kukaona. Osaka mbalame amadziwa zimenezi, n'cifukwa cake amaika yam'khola ngati nyambo. Ulimbo umazula nthenga, ndipo zambiri mwa zogwidwa zimafera m'njira zisanafike kwa wogula. Malonda otere ndi amene adacepetsa cinkhwe cotuwa ca mcira wofiira ca m'nkhalango za Congo, mpaka maiko a m'pangano la CITES, atakumana ku Johannesburg m'caka ca 2016, adaletsa kugulitsa kunja zogwidwa kuchire. Mwana amene waphunzira kusandutsa cikondi ca mbalame kukhala msampha waphunzira cinthu cimene sitingafune kuti adzacite kwa anthu anzake.

Cacitatu ndi matenda. Pali kacirombo kamene kamathothola nthenga za zinkhwe n'kupotoza milomo yawo. Kamayenda m'fumbi la nthenga ndi m'zitosi, ndipo kalibe mankhwala. Zam'khola ndi zakuchire zikamamwera mbale imodzi, matenda angacoke pakhomo n'kukalowa m'gulu lonse la m'nkhalango, kapena kucokera kuchire n'kupha ziweto. Palinso nthenda ina ya zinkhwe imene imagwira mapapo a munthu. Motero ngakhale wofuna kungoteteza mbalame zake ali ndi cifukwa cosalola kuti zikhudzane.

Tikudziwa zimene mlimi angatiyankhe: zinkhwe zimadya mapira ndi mawere, ndipo njala ya banja si nkhani yoseketsa. Dandaulo limeneli ndi loona. Koma kugwira ziwiri kapena zitatu sikupulumutsa munda. Cimene capulumutsa mapira kuyambira kale ndi nsanja pakati pa munda, zitini zolira pa cingwe ndi munthu woingitsa mbalame m'masabata ocepa amene ngala zikukhwima. Kuthira poizoni m'zithaphwi, monga zacitikapo ku Liwonde, kumapha ciliconse cobwera kudzamwa, osati zinkhwe zokha.

Ena, pogwidwa cifundo, amati titsekule makola kuti zoweta ziuluke ndi zinzawo. Apanso tisafulumire. Mbalame zambiri zogulitsidwa m'misika si za kuno. Zina makolo ake adacokera ku Australia. Yobadwira m'khola sidziwa kumene madzi ali, sidziwanso kabawi. Ikapulumuka ingabweretse vuto lina: ku London ndi ku Johannesburg kuli lero magulu a zinkhwe zobiriwira za mkanda m'khosi, zidzukulu za mbalame zoweta, zimene zimalimbirana mphako ndi mbalame za komweko.

Zoyenera kucita n'zocepa ndipo sizilira ndalama. Khola likhale ndi denga kuti zitosi za alendo zisagweremo. Mbale ya madzi ya zakuchire iikidwe patali, pamthunzi, ndipo itsukidwe tsiku ndi tsiku. Tsanya wa mphako asiyidwe ali ciimire. Ana amene adathamangira ulimbo apatsidwe kope ndi pensulo: awerenge kuti zabwera zingati, nthawi yanji, zadya ciyani, zaulukira kuti. Caka camawa cilimwe cikafika adzawerengenso, ndipo adzadziwa okha ngati gulu lija lakula kapena lacepa.