Big Brother wa lero timamutchajira tokha

Achinyamata anzathu a ku Ndirande, Kawale, Chibavi, Chinamwali ndi konse kumene uthengawu ufike,

Ambirife dzina loti Big Brother tinalidziwira pa TV, anthu atatsekeredwa m'nyumba makamera akuwajambula usana ndi usiku. Dzinalo linachokera m'buku la George Orwell lotchedwa Nineteen Eighty-Four, lomwe linatuluka mu 1949. M'bukumo, m'nyumba za anthu a chipani muli chikanema chapakhoma chomwe chimakuona ndi kukumva. Kuli apolisi omanga munthu chifukwa cha zomwe akuganiza. Bambo wina, Parsons, anakamuneneza ndi mwana wake weniweni, ati anamumva akunyoza mtsogoleri ali kutulo.

Mukati ndi nthano za azungu, kafunseni agogo. Nthawi ya chipani chimodzi kunalibe chikanema chapakhoma, koma kunali apayoniya, a Special Branch ndi akazitape mpaka pamalo omwera mowa. Munthu ankayamba wacheuka kaye asanatchule dzina la Kamuzu. Mlakatuli Jack Mapanje anamangidwa mu 1987 n'kukhala ku ndende ya Mikuyu mpaka 1991, osazengedwa mlandu.

Nanga lero? Chikanema chija chili m'thumba mwathu, tinagula tokha, bandulo timalipiranso tokha. Mu 2017 tinalembetsa ziphaso za unzika, anatijambula nkhope ndi zidindo za zala. Mu 2018 anatilamula kulembetsa simu kadi iliyonse. Ndiye nambala yako ili ndi dzina lako, ndipo kampani ya foni ikudziwa amene unamuimbira, nthawi yake, dera lomwe unali, ndi amene unamutumizira ndalama.

Anatiuza kuti kulembetsako kuthetsa mbava za pa foni. Koma mauthenga aja oti ndalama ija tumizani pa nambala iyi akubwerabe, si choncho? Amene takhala tikuwaona akukwezedwa galimoto ya polisi ndi olemba mawu owawa pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp, pogwiritsa ntchito lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016. Mu April 2022 apolisi anagwira mtolankhani Gregory Gondwe n'kumulanda foni ndi kompyuta, akufuna adziwe amene anamupatsa zikalata. Mu 2025 zinadziwika kuti bungwe la MACRA lagwirizana ndi kampani ya ku Ghana, Hashcom, yoti ibweretse makina olondoloza zolembedwa pa intaneti, ati pofuna kuthana ndi nkhani zabodza. Nanga woweruza kuti iyi ndi yabodza ndani?

Orwell anaona chinthu chimodzi chomwe tisachiiwale. Boma silifunika kumvetsera aliyense. Likangomanga mmodzi, ena tonse timadzitseka pakamwa tokha. Umalemba uthenga, kenako n'kufufuta. Adimini amayamba kuchotsa anthu m'gulu chifukwa cha mantha. Ndipo mauthenga a WhatsApp ndi otsekedwa, wapakati sangawawerenge, koma mnzako wa m'gulu momwemo akajambula sikirini n'kukapereka, zako zada. Mwana wa Parsons wa masiku ano ndi ameneyo.

Ena akuti ngati sunalakwe ukuopa chiyani. Mapanje analakwa chiyani? Komanso boma limasintha, koma makina ndi mafayilo zimatsala. Amene ukuombera m'manja lero chifukwa akumanga a chipani china, dziwa kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza chinsinsi cha munthu, kuphatikizapo makalata ndi zokambirana za pa foni. Gawo 35 limatipatsa ufulu wolankhula. Sitikupempha chifundo ayi. Tikuti wapolisi asatsegule foni ya munthu popanda chilolezo cha khoti. Tikuti MACRA ifotokozere Nyumba ya Malamulo poyera zomwe makinawo amaona, amene amawagwiritsa ntchito, ndi kumene zimasungidwa. Tikuti kudzudzula mtsogoleri si mlandu.

Ifenso tili ndi mbali yathu. Ikani pasiwedi yolimba pa foni. Musafalitse zomwe simunatsimikize, tisawapatse poyambira. Musakhale kazitape wa mnzanu. Wina akagwidwa chifukwa cha zomwe walemba, lengezani polisi yomwe ali, timupezere loya, tikadzaze khoti tsiku la mlandu.

Koma osasiya kulankhula. Tumizani uthengawu ku magulu anu onse.