Kuwomba m'manja si kuvomera

Alimi anzathu, msonkhano wotere tonse timaudziwa. Apampando afunsa kuti, "Tagwirizana?" Ife tiwomba m'manja. Koma tikangochoka pansi pa mtengo, m'njira monse muli kung'ung'udza. Aliyense amayesa kuti wokayika ndi iye yekha, chonsecho okayikawo ndi theka la kalabu.

Tikumbukire za nandolo. Mtengo utakwera, ambiri kuno ku Mangochi tinathamangira mbewu imeneyi. Ena mumtima ankafuna kusiyako malo a mtedza ndi chinangwa, koma anangoti zii poopa kuoneka otsutsa akuluakulu. Mu 2017 dziko la India linachepetsa nandolo yemwe limagula kunja, mtengo unagwa, matumba n'kutsala m'nyumba. Msikawo sitikanautha, koma chikhala kuti tinamva mawu a okayika aja, bwenzi titagawa minda.

Mantha athu timawatchula ulemu. Amayi amakhala kumbuyo osayankhula, achinyamata amadikira kuti amfumu ayambe. Mapeto ake kalabu imatenga ngongole yomwe palibe ankaifuna, ndipo nthawi yobweza ikafika timalozana zala.

Tikupempha makalabu onse, kuyambira ku Namwera mpaka ku Nankumba: pa nkhani ya ngongole, mbewu ndi malonda, apampando aziyankhula pomaliza. Amayi ndi achinyamata aziyamba akambirana paokha. Kenako tizivota mwachinsinsi, ngakhale poponya njere za chimanga m'chitini.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Tiziyankhula msonkhano usanathe.