Loko yokha sikwanila, tiwelenge dzina

Mu April 2023 Pulezidenti Hakainde Hichilema anasaina lamulo lolola anchito kutengako 20 pelesenti ya ndalama zao ku NAPSA asanapume pa nchito. Kulembetsa kunali kwa pa intaneti, ndipo ambili a ife kuno ku Kawama tinapeleka nambala ya citupa, ya foni ndi ya akaunti, ena pa foni zathu, ena kudzela mwa anyamata a m'makafe. Kodi tinafunsako kuti zinsinsi zimenezi zikudzela njila iti?

Uthenga ukacoka pa foni umadutsa m'makina a anthu ambili usanafike kumene ukupita. Webusaiti yoyamba ndi http ili ngati kalata yopanda envulopu: wa panjila angaiwelenge, ngakhale kusintha mau. Ya https imasokoneza zilembo kuti wakuba asatolepo kanthu. Koma kubisa mau kulibe phindu ngati sitikudziwa amene tikumunong'oneza. Apa m'pamene pafunikila setifiketi. Ili ngati citupa ca webusaiti, copelekedwa ndi bungwe lodalilika litatsimikiza kuti wopemphayo ndiye mwini dzinalo. Foni imaciyang'ana yokha, ndipo cikakhala cabodza kapena cikatha masiku, imaticenjeza. Cenjezo limenelo tisamalidumphe.

Eni mawebusaiti, kaya masukulu, makoleji kapena makampani okongoza ndalama, alibe pozembela. Bungwe la Let's Encrypt lakhala likupeleka masetifiketi aulele kuyambila mu 2015, ndipo kuyambila mu July 2018 Chrome imalemba kuti “Not secure” pa tsamba lopanda setifiketi. Wopempha nambala ya citupa pa tsamba lotelo sakulemekeza anthu ake.

Komabe zaulele zimafikanso kwa akuba. Naonso amatenga setifiketi ya dzina lofanana ndi la banki kapena la bungwe, kusiyana cilembo cimodzi cabe. Mu 2023 Chrome inacotsa kacithunzi ka loko pafupi ndi dzina la tsamba, popeza anthu ankayesa kuti kakucitila umboni kukhulupilika. Setifiketi imangonena kuti mukulankhula ndi mwini dzina. Sinena kuti mwiniyo ndi woona mtima.

Conco, makolo anzathu, tiwelenge dzina lonse tisanalembe nambala iliyonse: la NAPSA limathela ndi napsa.co.zm. Malinki obwela pa WhatsApp tisawathamangile. A ZICTA naonso aphunzitse zimenezi m'zinenelo zathu, pa wailesi ndi m'misika, pakuti ndalama za penshoni ndi thukuta la zaka zambili.