Moyo ukutalika, khansa ikuyandikira: zomwe ofufuza apeza ku Lilongwe

Pa chipatala cha Bwaila ku Old Town mu mzinda wa Lilongwe, mzere wa anthu odzalandira mankhwala otalikitsa moyo ku Martin Preuss Centre wasintha maonekedwe. Mu 2004, pomwe boma lidayamba kupereka ma ARV mwaulere, odwala ambiri adali achinyamata ofooka ndi matenda. Lero pa mabenchi omwewo pamakhala agogo a imvi omwe amwa mankhwalawa kwa zaka pafupifupi 20. Ichi ndi chipambano chachikulu, pakuti mu 2000 Mmalawi ankayembekezera kukhala ndi moyo zaka zosakwana 50, pomwe tsopano chiwerengerochi chidapitirira 60. Koma moyo wautali wabweretsa funso lomwe madotolo pa chipatala chachikulu cha Kamuzu Central akukumana nalo tsiku ndi tsiku: kodi anthu okalamba akachuluka, dziko lino lithana nayo bwanji khansa?

Padziko lonse, msinkhu ndiwo chinthu chachikulu chomwe chimakweza chiopsezo cha mitundu yambiri ya khansa. Ku America, mwachitsanzo, theka la opezeka ndi matendawa amakhala atapitirira zaka 65. Chifukwa chake chili m'maselo, tizigawo ting'onoting'ono tomwe timapanga thupi. Selo likamagawikana limakopera DNA, yomwe ndi malangizo a momwe liyenera kugwirira ntchito, ndipo nthawi zina pokoperapo pamalakwika. Zolakwikazi zimaunjikana chaka ndi chaka, uku chitetezo cha m'thupi, chomwe chimasaka ndi kupha maselo osokonekera, chikunka chifooka.

Mu 2018, akatswiri a ku Wellcome Sanger Institute ku Britain, motsogozedwa ndi Iñigo Martincorena, adaunika minofu ya kummero ya anthu 9 a zaka za pakati pa 20 ndi 75 omwe adalibe khansa. Adapeza kuti munthu akafika zaka za pakati, gawo lalikulu la khungu la m'kati mwa mmero, nthawi zina kuposa theka, limakhala lodzaza ndi maselo okhala ndi zolakwika zofanana ndi zomwe zimapezeka mu khansa. Tanthauzo lake n'lakuti pafupifupi munthu aliyense wachikulire ali ndi mbewu za matendawa, komabe ambiri sadwala. Choncho funso la ofufuza lidasintha: n'chiyani chimathirira mbewuzo kuti zimere mwa ena, osati mwa anzawo?

Funsoli n'lofunika kwambiri kuno, chifukwa Malawi ali m'gulu la mayiko omwe khansa ya kummero ndi yochuluka kuposa kwina kulikonse padziko. Imagwira amuna ndi akazi omwe, ndipo odwala ambiri amakhala ocheperako msinkhu poyerekeza ndi a ku Ulaya. Mu 2021, gulu la ofufuza ochokera m'mayiko osiyanasiyana lidatulutsa zotsatira za kuunika DNA ya zotupa 552 za kummero kuchokera m'mayiko asanu ndi atatu, kuphatikizapo Malawi, Kenya ndi Tanzania. Ankayembekezera kupeza chizindikiro cha poizoni wina wapadera m'mayiko omwe matendawa ndi ochuluka, koma sadachipeze. Zolakwika za m'zotupa za Amalawi zidali zofanana kwambiri ndi za a ku Britain. Izi zidalimbikitsa ganizo lakuti zinthu zina zimavulaza mmero mobwerezabwereza ndi kupereka mpata kwa maselo olakwika, omwe alipo kale chifukwa cha msinkhu, kuti akule.

Apa ndi pomwe kafukufuku wochitikira pa odwala enieni ku Lilongwe akuthandiza. Dr Bongani Kaimila ndi anzake a ku UNC Project, bungwe logwira ntchito limodzi ndi Unduna wa Zaumoyo pa Kamuzu Central, adayerekeza odwala khansa ya kummero 300 ndi anthu ena 300 opanda matendawa, pa chipatalachi komanso pa St Gabriel's ku Namitete. Zotsatira zomwe zidasindikizidwa mu 2022 zidaonetsa kuti kusuta fodya kumakweza chiopsezo. Kafukufuku wina wa bungwe la IARC, nthambi ya WHO yoona za khansa, yemwe adachitika ku Malawi, Kenya ndi Tanzania, adaloza chala pa mowa, makamaka waukali ngati kachasu, komanso zakumwa ndi zakudya zotentha kwambiri. Bungwe lomweli lidalengeza mu 2016 kuti zakumwa zotentha kupitirira madigiri 65 zingathe kuyambitsa khansa ya kummero.

Zinthu zimenezi si zachilendo kwa wokhala mu likulu lino. Tiyi wowira yemwe amamwedwa mothamanga m'matiyirumu a pafupi ndi depoti ya mabasi ku Old Town, ndudu ya pa nthawi yopuma ku maofesi a ku City Centre, ndi botolo la madzulo m'nyumba za mipanda za ku Area 10, Area 12 ndi Area 43, zonse zimadutsa pa mmero umodzimodzi. Chuma chimasintha mtundu wa chakumwa, koma sichichotsa zaka zomwe thupi lakhala likuvulazidwa. Wogwira ntchito m'boma yemwe akupuma ku Capital Hill ali ndi zaka 60 amalowa m'nyengo yomwe chiopsezo chikukwera msanga, ndalama zake zikutsika.

Mtengo wochedwa kupita kuchipatala ndi wowawa. Gulu la Dr Kaimila litatsatira odwala omwewo, lidapeza kuti theka la iwo lidamwalira miyezi inayi isanathe chipezekereni ndi matendawa. Ambiri amafika nsima itakana kale kutsika, atayamba kudalira phala ndi madzi okha. M'mabanja ambiri, kuwonda ndi kusowa chilakolako cha chakudya kwa agogo zimaonedwa ngati ukalamba chabe, ndipo miyezi yomwe ikadathandiza imatha akuyesa mankhwala a zilonda za m'mimba.

Sikuti palibe chomwe chasintha. Labotale younika minofu yomwe idatsekulidwa pa Kamuzu Central mu 2011, momwe Dr Tamiwe Tomoka wagwiramo ntchito kwa zaka zambiri, idathandiza kuti madotolo azidziwa mtundu weniweni wa chotupa asanayambe kupereka mankhwala. Katemera wa HPV, woteteza atsikana ku khansa ya khomo la chiberekero, adayamba kuperekedwa dziko lonse mu 2019. Mu 2025, National Cancer Centre pa chipatala chomwechi idayamba kupereka chithandizo chowotcha zotupa ndi cheza, chomwe kwa zaka zambiri odwala ankachitsatira kunja, monga ku India ndi ku Tanzania.

Komabe makina amachiza yekhayo yemwe wafika nthawi ikadalipo. Ngati sayansi ikunena zoona kuti msinkhu umafesa mbewu ndipo zochita za tsiku ndi tsiku zimathirira, ndiye kuti ntchito yaikulu ili kunja kwa chipinda cha makinawo: kuchepetsa fodya ndi kachasu, kudikira kuti tiyi ndi phala zizizireko, komanso kuphunzitsa azaumoyo a m'zipatala zing'onozing'ono kuti munthu wa zaka zopitirira 40 wovutika kumeza atumizidwe kukaunikidwa mmero mwachangu. Zipatala za ma ARV, zomwe zimaona anthu omwewo miyezi ingapo iliyonse, ndi malo okonzeka kale ofunsirapo mafunso otere, monga momwe zayambira kuyeza amayi khansa ya khomo la chiberekero.

Dziko lino lidakwanitsa kuwonjezera zaka zoposa khumi pa moyo wa nzika zake m'mbadwo umodzi wokha. Agogo a pa mabenchi a ku Bwaila adapulumuka mliri wa Edzi chifukwa chakuti boma ndi ofufuza adaika ndalama ndi nzeru pa kuyeza anthu msanga. Khansa ya okalamba ikufuna njira yomweyo, ndipo bajeti ya zaumoyo ndi yomwe idzaonetse ngati phunziroli lidamveka.